Chidwalire chikungunya mafupa sakusiya kuwawa, alipo zinamuchitikirapo?

Amake Tadala:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma ndatopa nazo. Amene timakwera limodzi basi ya ku Dar mukudziwa kuti ulendo wa mu Malichi uja ndinadwalira konko, thupi linangotentha mwadzidzidzi madzulo ndikulongedza katundu ku Kariakoo, kutacha sindinathe olo kutsegula chitseko zala zonse zitatupa, totupa tofiira thupi lonse. Anzanga ananditengera ku kiliniki ina yolipira, malungo sanapezeke, dengue sanapezeke, anatenganso magazi ena nkundiuza kuti ndi chikungunya. Kutentha thupi kunatha pasanathe sabata koma abale mafupawa mpaka lero. Mmawa ndimatsika pabedi ngati agogo anga a ku Mitundu, mapazi kukana kuponda pansi, akakolo, mawondo, pamkono povala wotchi apa mbali zonse ziwiri. Kuvundula nsima ndinasiya akuphika ndi mwana, kufinya zovala ayi, olo kumanga chitenje ndimachita kuluma mano. Masiku ena ndimakhala bhobho mpaka kuiwala, nde kungozizira pang'ono zayambiranso. Alipo zinamuchitikirapo? Zimatha izi?

Nachisale:
Pepani kwambiri amake Tadala, nde chifukwa chake pa shopu ndikumangopeza mtsikana uja eti. Mulungu akukhudzeni

Mfana wa ku Biwi:
matenda enawa mukumaoda limodzi ndi zitenje kodi kkkk, pepani mami

Anti Rose Area 23:
Imeneyo ndi nyamakazi basi yangobwera ndi dzina lachilendo. Gulani Indocid muzimwa pamodzi ndi Brufen mmawa ndi madzulo, ine mawondo angawa ndimayendera zomwezo

Nangozo:
Ine ndinena olo mundinyoze. Munthu kudwalira kumalo a bizinesi, malungo osapezeka, miyendo kukana kuponda, inu mukuona ngati ndi za chipatala zimenezo? Mwaponda zinthu inu achemwali, pamsika sitikondana tonse. Kapezeni wokutemani mphini zisanakwere mchiuno

Amake Tadala:
Anangozo zomwezo ndi zomwe akunena apongozi anga, afika pondipezera munthu ku Nsundwe. Alamu anga ena nawo akuti ndi ulesi chifukwa pankhope ndikuoneka wabwinobwino, ndikudya, sindinaonde. Chimene chikundipweteka mtima kwambiri ndi chimenecho, munthu ukuvutika kutsegula botolo la mafuta ophikira wina nkumati ukunamizira

Yamie:
Anti musadandaule simuli nokha, ine ndinadwala omwewo ndili kusukulu ku Pune ku India nthawi ya mvula. Kumeneko aliyense amawadziwa, mu 2006 anthu oposa 1 miliyoni anawaganizira kuti adwala matenda amenewa mdziko muja nde ukangoyamba kuyenda mowerama aneba amayamba kukuuza okha kuti ndi chani usanapite nkuchipatala komwe. Ine zala zinafika poti cholembera chimagwa, kutayipa pa laputopu ndimachita ndi zala ziwiri, masitepe a ku hositelo ndimatsika chammbali nditagwira khoma ndili mtsikana wa zaka za m'ma 20. Zinatenga pafupifupi chaka koma sizimatha kamodzi, zimangotalikitsa masiku obwera, poyamba tsiku lililonse kenako kamodzi pa sabata kenako ndinangozindikira kuti aa mwezi watha osamva kanthu. Pano ndimathamanga ku Bingu Stadium kuja mmawa. Ndipo ku Pune kunalibe wondichitira nsanje, ndinalibe shopu kkkk

Nangozo:
Inu ndi mwana simungadziwe

aBanda a kuchipatala:
Mwaswera bwanji nonse, ndinali pa ntchito nde ndawerenga pano. Amake Tadala zimene mukumvazo ndi zenizeni ndipo ndi zodziwika pa matenda amenewa, mukawauze alamu anuwo kuti wanena ndi ine. Chikungunya ndi vayilasi wofala ndi udzudzu wa mtundu wa Aedes, wakuda wa timizere toyera mmiyendo uja umaluma masana. Ukakuluma pamapita masiku 3 mpaka 7 nthawi zambiri kuti uyambe kudwala. Vayilasiyo mmagazi amakhalamo pafupifupi sabata imodzi basi, koma kwa anthu ena asilikali a mthupi aja akayamba kulimbana naye sasiya msanga, kutupa kumatsalira molumikizana mafupa ndi mminyewa yozungulira pamenepo. Nchifukwa chake kumagwira zala, pamkono, akakolo, mapazi, ndipo kumakonda kugwira mbali zonse ziwiri mofanana momwe mwafotokozeramo. Zikapitirira miyezi 3 timati zafika pokhalitsa

aBanda a kuchipatala:
Zambiri zomwe madokotala amadziwa pa kuwawa kokhalitsaku zinachokera pa chilumba cha Réunion kupitirira Madagascar uko. Mu 2005 ndi 2006 kunadwala anthu pafupifupi 266,000, ndiye kuti munthu mmodzi pa atatu alionse pachilumbapo, nde anawatsatira kwa zaka. M'makafukufuku ena a kumeneko oposa theka la anthu omwe ankawatsatira ankamvabe kuwawa chaka chitadutsa, ambiri mwa iwo kobwera nkumapita chimodzimodzi mwaneneramu. Amene zimawakhalitsa kwambiri ndi azimayi, anthu opitirira zaka 45, amene anali kale ndi vuto la mafupa komanso amene anadwalika kwambiri sabata yoyamba ija. Ambiri zimapita zikuchepa mpaka kutha, koma alipo ena ochepa zimasanduka nyamakazi yotupa yeniyeni yofunika mankhwala amphamvu, nde musangokhala kunyumba kudikira. Ndifunse, kuuma kwa mmawako kumatenga nthawi yaitali bwanji kuti zala zimasuke? Nanga zikutupa zooneka ndi maso?

Amake Tadala:
Zikomo adokotala mwandilimbitsa mtima. Ndikadzuka 5 koloko zimadzamasuka cha m'ma 9 kapena 10 dzuwa litakwera. Kutupa kulipo, mphete ya ukwati ndinavula siikulowanso, komanso usiku zala zitatu izi chala chachikulu ndi zoyandikana nazo zimachita dzanzi mpaka kundidzutsa

aBanda a kuchipatala:
Kuuma kopitirira theka la ola mmawa kumasonyeza kuti mkatimo muli kutupa, si kutopa wamba. Dzanzi la zala zitatuzo limabwera minyewa ya pamkono ikatupa nkupanikiza mtsempha wodutsa pamenepo, mukalinenenso limenelo. Pitani kuchipatala sabata ino, tengani pepala lomwe anakupatsani ku Dar lija pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, chifukwa kuno munthu akabwera ndi kuphwanya kwa thupi maganizo athu amathamangira ku malungo, mukapanda kutchula za ulendowo ndi zotsatira zija mubwerako ndi Panado yekha. Akuoneni mfundo zonse ndi manja, ayeze magazi oona kutupa aja a ESR kapena CRP, ayeze impso musanayambe kumwa mankhwala nthawi yaitali, ndipo ngati mpotheka ayezenso rheumatoid factor ndi uric acid kuti tisamanamizire chikungunya pamene pali gauti kapena nyamakazi ina. Za HIV nazonso timayeza aliyense wa mafupa owawa nthawi yaitali, musadabwe akakufunsani

Bambo a Junior:
Adokotala nanga kuyezanso chikungunya yemweyo pano sikungathandize?

aBanda a kuchipatala:
PCR, kuyeza kofufuza vayilasi mwiniwakeyo, imagwira sabata yoyamba yokha vayilasi akadali mmagazi, pano ingotuluka yopanda kanthu nkuwataitsa ndalama. Chomwe chingaoneke pano ndi ma antibody, chitetezo chomwe thupi limapanga polimbana ndi vayilasiyo, a mtundu wa IgM ndi IgG. IgM imayamba kuoneka kumapeto kwa sabata yoyamba nkukhala miyezi ingapo, IgG imakhala zaka. Koma iwowa anayezedwa kale nthawi yoyenera nde pepala lawolo ndi lokwanira

Anti Rose Area 23:
Nde mwadumpha zanga bwanji adokotala, Indocid ndi Brufen sizithandiza?

aBanda a kuchipatala:
Anti Rose ndimabwera komweko ndipo inuyo ndi amene ndikukuderani nkhawa kuposa amake Tadala. Indocid, Brufen ndi diclofenac ndi a banja limodzi, kuphatikiza awiri sikuwonjezera kuchira koma kumawonjezera zilonda za mmimba ndi kuononga impso, komanso amakweza BP. Amathandiza inde pa kutupa kotereku, koma mtundu umodzi, mutadya, kwa masiku omwe akuuzani, ndipo amene ali ndi zilonda za mmimba, vuto la impso kapena oyembekezera asamwe mwa okha. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi siyani pompo muthamangire kuchipatala. Panado naye ali ndi malire, munthu wamkulu mapilitsi awiri a 500mg osapitirira kanayi pa tsiku, kupyola apo chiwindi chimaonongeka. Ndipo inu oyenda ku Dar mvetsetsani ichi, mukatentha thupi muli konko kapena mutangobwera musamwe Brufen, diclofenac kapena Aspirin mpaka atatsimikiza kuti si dengue, chifukwa udzudzu wake ndi womwewo, zizindikiro zoyamba zimafanana, koma dengue ndi mankhwala amenewa munthu amatha kutaya magazi. Dar inavutika ndi dengue mu 2019 ena mukukumbuka

Anti Rose Area 23:
Iii ine chimwereni chaka chatha. Nde kutentha pamtima kumandivutaku nkutheka ndi zomwezo

Nachisale:
Pitani mukayezetse asisi musachedwe

Mai Chikondi Chinsapo:
Ndiwonjezereko za timapilitsi toyera tating'ono tija prednisolone. Mlamu wanga mawondo atamuvuta wina pamsika anamuuza kuti agule timeneto, eee masiku awiri okha anayamba kuvina ku kwaya, nde anangopitiriza kugula yekha miyezi ndi miyezi. Nkhope inazungulira anthu nkumamuyamikira kuti banja lamuyanja, kenako shuga anakwera, BP inakwera, tsiku lomwe anati asiye anagwa kubafa ali wefuwefu tinachita kumunyamula. Amake Tadala wina akakuuzani za timeneto samalani

aBanda a kuchipatala:
Zoona zimenezo. Prednisolone timaperekadi kwa ena a chikungunya amene kutupa kwakana mankhwala ena, koma pa mlingo wochepa, kwa nthawi yochepa, nkumachepetsa pang'onopang'ono. Ukamwa nthawi yaitali thupi limasiya kupanga lokha mahomoni ofanana nawo nde kusiya mwadzidzidzi ndi koopsa, komanso amafewetsa mafupa omwe ukufuna kuchizawo. Kwa amene zafika pa nyamakazi yeniyeni pali methotrexate, koma ameneyo ndi wa dokotala wamkulu, amamwa kamodzi pa SABATA osati tsiku lililonse, limodzi ndi folic acid, kumayezetsa magazi pafupipafupi, mowa ayi, ndipo mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga mimba saloledwa chifukwa amaononga mwana. Ndalemba dala ndi zilembo zazikulu, anthu amafa pomwa ameneyu tsiku ndi tsiku

Sis Grace Zachilengedwe:
Amayi musavutike ndi ma chemical, ndili ndi tiyi ndi makapisozi ochotsa poizoni mthupi, amachotsa vayilasi yense mmafupa masiku 14 okha, nyamakazi, shuga, BP, zonse. Ndipezeni ku inbox, ndimabweretsa mpaka pakhomo

Adimini:
Sis Grace malonda ndi Lachisanu pagulu pano mukudziwa, ndipo za mankhwala ochiza zonse tinakana kale. Ndachotsa zithunzi zanu zija

Mfana wa ku Biwi:
tiyi wochiza shuga ndi BP ndi vayilasi, akanakhala weniweni bwenzi pa Central palibe mzere

aPhiri aphunzitsi:
Ana inu mukuti matenda achilendo, si achilendo konse kuno kwathu kuno. Anawazindikira koyamba mu 1952 kummwera kwa Tanzania, dera la Newala kwa Amakonde kufupi ndi malire a Mozambique, ndiye kuti ndi apaneba pathu pomwepa, ku India ndi ku America anachita kupitako. Ku America anafika mochedwa kwambiri mu Disembala 2013 pa chilumba cha Saint Martin. Ndipo pali m'bale wake wina wotchedwa o'nyong'nyong, anayambira ku Uganda mu 1959 nkufalikira ku Kenya, Tanzania mpaka kuno ku Nyasaland ndi ku Mozambique, anagwira anthu pafupifupi 2 miliyoni pofika 1962. Ameneyo amafala ndi udzudzu wa malungo womwewu. Nde makolo athu ena omwe ankati nyamakazi yawagwera mudzi wonse nthawi imodzi mwina zinali zoterezi. Funso langa kwa adokotala, kale tinkamva kuti chloroquine amathandiza mafupa, bwanji osawapatsa ameneyo?

aBanda a kuchipatala:
Zikomo aphunzitsi mwatikumbutsa mbiri. Chloroquine anamuyesa ku Réunion komwe kuja pa odwala kumene ndipo sanathandize. M'bale wake hydroxychloroquine madokotala a nyamakazi amagwiritsa ntchito pa matenda ena a mafupa, koma pa chikungunya zotsatira zake sizokhutiritsa kwenikweni. Komanso paja ife kuno tinamusiya chloroquine mu 1993 atasiya kupha malungo, tinali oyamba mu Africa kusintha kupita ku Fansidar, kenako LA mu 2007. Ndipo poti ndatchula LA, amene mumamwa LA mukangomva kuphwanya thupi osayezetsa, pa chikungunya sagwira olo pang'ono, maantibayotiki nawonso chimodzimodzi. Mankhwala opha vayilasi ameneyu kulibe, timachiza ululu ndi kutupa

Nangozo:
Nde mwavomera nokha kuti kuchipatala mankhwala kulibe. Ine nde ndalakwa chani

aBanda a kuchipatala:
Amayi Nangozo simunalakwe kufunira mnzanu zabwino. Koma taonani, matendawa amabwera nkupita okha, nde munthu akatemedwa mphini sabata yomwe ululu umati uchepe kale, ulemu umapita kwa sing'anga, ukabweranso amati adani awonjezera mankhwala bweretsani mbuzi ina. Chomwe ndimaopa ine ndi lezala pa bondo lotupa kale, tizilombo tikalowa mkati mwa mfundo muja ndi nkhani ina yoopsa kuposa yoyambayo. Ndipo nonse dziwani, mfundo imodzi yokha ikatupa, kutentha, kufiira, munthu nkumatenthanso thupi osatha kuipinda, imeneyo si yodikira mawa, pitani tsiku lomwelo

Thoko wa mafizo:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndi yanga kkkk. Amake Tadala cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kugona tsiku lonse poopa ululu, nde minofu imafooka, mfundo zimaumiratu, ululu nkuwonjezeka. Ena nawo tsiku lomwe adzuka bwino amachapa mabulangete onse, kukolopa nyumba yonse, kupita kumsika wapansi, mawa lake ali gone masiku atatu. Zonse ziwiri ayi. Mmawa musanatsike pabedi yambani kuyendetsa zala za kumapazi, zunguzani akakolo mbali zonse, pindani ndi kuwongola mawondo mutagona chomwecho, kenako manja muviike mbeseni la madzi ofunda mphindi 10 mukufumbata ndi kutambasula pang'onopang'ono, mukhoza kumafinya siponji kapena sokosi yokulunga mmadzi momwemo. Pouma thowani ndi ofunda, koma pomwe patupa nkumatentha ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Yendani tsiku lililonse pamalo osalala olo kungozungulira mpanda, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Ululu wochepa pochita mafizo ndi wabwinobwino, koma ukafika mawa lake usanachepe ndiye kuti munapyola muyeso, bwererani mmbuyo pang'ono osati kusiyiratu

Thoko wa mafizo:
Za dzanzi la usikulo pali kothandizira pamkono kokhala ndi kachitsulo mkati kamapezeka m'mafamase, muzivala pogona kuti dzanja lisapindike. Mthiko ndi mpeni kulungani nsalu kapena labala pogwirira kuti pakhale ponenepa, zala sizivutika kufumbata. Zovala musafinye popotokola, kanikizani ndi zikhatho pa beseni kapena apotokole ana. Ndowa ya madzi gawani pawiri. Nsapato zosalala zopyapyala zija ndi zazitali zisiyeni kaye valani zofewa pansi. Ndipo ku Kamuzu Central kuli gawo la mafizo, mukaonana ndi adokotala apempheni akulembereni kuti akakuoneni ndi maso, pafoni pano sindingaone momwe mukupondera

Amake Tadala:
Asisi Thoko zochapa mabulangete zo mwandiona kodi kkkk. Ndiyamba mawa za madzi ofundazo. Nanga kukhala mu basi maola onse aja mpaka ku Songwe kenako Mbeya mpaka Dar ndingathe? Katundu watha pa shopu ndipo ngongole ya ku banki mkhonde sikudikira mafupa anga

Thoko wa mafizo:
Panopa ndikanakonda mutatuma mnzanu wodalirika ulendo umodzi kapena iwiri. Mukayamba kupita khalani mpando wa mkanjira kuti muziwongola miyendo, basi ikaima paliponse tsikani muyendeko olo simukufuna kutaya madzi, valani masokosi ndi juzi chifukwa usiku kumapiri a Mbeya kumazizira, ndipo mabelo musanyamule nokha lipirani anyamata

Nachisale:
Ine ndikupita pa 20, ndilembereni zomwe mukufuna ndikakuoderani amake Tadala, transipoti ya katundu tidzagawana. Za ku banki mkhonde tikakambirane Lamlungu, si inu oyamba kudwala

Bambo a Junior:
Funso lina adokotala pepani, ena akuopa kufunsa. Kodi amapatsirana mnyumba? Ndikutanthauza bambo ndi mayi, kapena mwana woyamwa

Mfana wa ku Biwi:
"ena akuopa kufunsa" kkkkk bambo a Junior nenani kuti ndinu

aBanda a kuchipatala:
Funso labwino. Sapatsirana pogwirana, podyera limodzi kapena pogona limodzi, ndipo mayi apitirize kuyamwitsa. Njira yake ndi udzudzu, uluma wodwala sabata yoyamba ija vayilasi ali mmagazi kenako nkukaluma wina. Nde amene wabwera ku ulendo akutentha thupi agone mu neti olo masana sabata yonseyo kuti asapatsire udzudzu wa kuno. Amake Tadala pano sangapatsire aliyense. Pomwe timaopa ndi mayi amene wadwala masiku oti achire, mwana amatha kutengera pobadwa ndipo kwa khanda ndi matenda aakulu, woteroyo akachilire kuchipatala ndipo anene. Chinanso chosangalatsa, ukadwala kamodzi thupi limakhala ndi chitetezo cha nthawi yaitali, nde ululu ukabweranso sikuti mwalumidwanso ayi ndi kutupa komwe kuja. Koma dengue ndi malungo zikhoza kukugwiranibe

Madam Guangzhou:
Ife a ku China nafenso tisadzione otetezeka, mu Julayi 2025 ku Foshan pafupi penipeni ndi Guangzhou pomwe timakagula mipando ndi matailosi kunadwala anthu masauzande, ankapopera mankhwala misewu yonse ndi kuyendera nyumba kufufuza madzi odikha. Chaka chomwecho ku Réunion kunabukanso. Nde adokotala katemera alipo? Ine ndalama ndilipira bola zala zanga ziziwerenga ndalama bwinobwino

aBanda a kuchipatala:
Alipo awiri kunja. Ixchiq anavomerezedwa ku America mu Novembala 2023 koma mu Ogasiti 2025 anamuimitsa kumeneko anthu ena makamaka achikulire atadwala kwambiri atabayidwa. Wina ndi Vimkunya anavomerezedwa mu 2025. Onsewa sali pa ndondomeko ya akatemera a mzipatala zathu za boma, ndipo katemera ndi woteteza amene sanadwale, sachotsa ululu kwa amene anadwala kale. Kwa inu oyenda chodalirika ndi mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, kudzola masana makamaka mmawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, ndi zovala zofika mmanja ndi mmiyendo olo ku Dar kutenthe bwanji

Bambo a Junior:
Nde neti yomwe timalimbikira usiku ija pa udzudzu uwu ndi yopanda ntchito?

aBanda a kuchipatala:
Neti musaisiye, ya malungo imeneyo ndipo malungo ndi amene akutipha kuno. Kungoti Aedes ndi wa masana nde neti imathandiza ana ogona masana ndi odwala. Uyu saswana mmadambo kwenikweni, amakonda madzi oyera odikha pakhomo pathu pomwepa, mmadiramu osavundikira, zigubu, zitini, mabeseni a pansi pa maluwa, matayala akale. Kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka ndi masiku 7 mpaka 10, nde kukhuthula kamodzi pa sabata kumadula mzere. Koma mazira ake amamatirira mmbali mwa diramu ndipo amapirira pouma miyezi yambiri, madzi akangobwera amaswa, nde kukhuthula kokha sikukwana muzikhula mmbalimo ndi bulashi

Mai Chikondi Chinsapo:
Adokotala kukhuthula diramu kuno kwathu? Madzi timachita kudzukira 2 koloko usiku pampopi akabwera nde ndiwataye chifukwa cha udzudzu? Ayi zimenezo nde zovuta

Nachisale:
Sakuti mutaye asisi, gwiritsani ntchito mpaka athe sabata ikamatha, khulani, kenako dzazaninso. Ine langa ndinamanga pakamwa ndi chidutswa cha neti yakale ndi labala ya tayala, chivundikiro pamwamba, mulibe timphutsi tija tovinavina

Mai Chikondi Chinsapo:
Ya neti yo nde ndaimva, ndili nayo yobooka ikungokhala

Amake Tadala:
Nanga matayala a ku Biwi aja adokotala atchula, mfana wathu wangoti zii bwanji

Mfana wa ku Biwi:
mami matayala ndi ofesi yanga musayambe kkkk. koma zoona nthawi ya mvula mumakhala madzi ndipo udzudzu wamizere mukunenawo umatiluma masana tikumata machubu, ife timangoti ndi udzudzu wa ku garaja wosagona

aPhiri aphunzitsi:
Matayala omwewo ndi amene anafalitsa Aedes albopictus, mtundu wina wa udzudzu wamizere womwewu, kuchoka ku Asia kupita maiko ena, ankakwera sitima zapamadzi mazira ali mmatayala akale ogulitsa. Mu 2007 mpaka ku Italy kunabuka chikungunya chifukwa cha udzudzu umenewo. Nde mwana wanga ofesi yakoyo uyisamale

Mfana wa ku Biwi:
nde nditani aphunzitsi, ndi matayala oposa mutu wanga kutalika mulu wake

aBanda a kuchipatala:
Ogulitsa asanjeni pansi pa denga kapena fundikani pepala lapulasitiki lolimba mvula isalowe, otha ntchito aja booleni mabowo madzi azituluka kapena dzazani dothi. Tayala kulipendeketsa kokha madzi satha onse, mukudziwa nokha

Madam Guangzhou:
Amene ali ndi matayala odzala maluwa pakhomo ngati ine nde tiboolenso?

Mfana wa ku Biwi:
bweretsani Loweruka madam ndikuboolerani, 500 tayala limodzi, a amake Tadala ndi a adokotala ulere

Madam Guangzhou:
500 pa bowo lokha? Ndibwera ndi atatu undichotsere

Adimini:
Za mitengo mukamalizire ku inbox. Anti Rose mutiuze mukabwera koyezetsa impso kuja, ndipo amene ali ndi galimoto yodutsa ku Area 25 Lachiwiri mmawa atengeko amake Tadala popita ku Central, minibasi kukwera ndi kutsika ndi mawondo amenewo ndi chintchito

Bambo a Junior:
Ine ndimadutsa pa Nsungwi 6:30, akhale atakonzeka ndisachedwe ku ntchito